Wotchi ya Renante pa mkono wa wakabaza

Panali munthu wina ku Iloilo, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, mnyamata dzina lake Renante, amene ankafuna ntchito yoyendetsa chimakina chokweza makontena padoko. Kampani inapatsa ofunsira onse wotchi yowerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima, n'kuwauza kuti azithamanga m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri. Akuti thupi likamatuluka thukuta, mutu umagwira. Pamapeto pake kunali mayeso, ndipo malo anali atatu okha.

Tsiku lachitatu, ali wefuwefu pabwalo la mpira, anamupeza mkulu wina wa dzino lagolide, wosamudziwa n'komwe.

"Aise, ukudzizunziranji? Chimakina sayendetsa ndi miyendo. Ika gemu iyi mufoni, imanola ubongo. Wotchiyo ungomuveka wakabaza azikupalasira."

Renante, poti ulesi anali nawo kale, sanadzifunse kuti mlendo angamufunire zabwino chifukwa chiyani. Anaveka wotchiyo a Tasyo, bambo wachikulire wopalasa njinga yonyamula anthu, n'kumawagulira mpunga ndi nsomba zouma. Tsiku lililonse ankawauza kuti, "Madala, onjezerani moto, anzanga akundipitirira!" Iye n'kukabisala kuseri kwa msika, maso pafoni.

Mchemwali wake, Luzviminda, sanachedwe kukayikira.

"Iwe, wothamanga wanji wobwera malaya ali gwaa, nsapato zopanda ndi fumbi lomwe? Wotchi ili kuti?"

"Ili patchaji, achemwali. Zikukukhudzani pati?"

"Dzulo ndakutuma mankhwala a mayi, wabwera ndi sopo. Ubongo umene umati gemu yakunolerawo ndi umenewu?"

Renante anangopsontha.

Pamayeso anawaonetsa zizindikiro khumi zamanja zimene amalankhulirana padoko. Anzake othamanga aja anazikumbukira bwinobwino. Iye zala zinali zachangu, koma mutu unasunga zinayi zokha. Anadzilimbitsa mtima kuti wotchi imupulumutsa.

Kenako dokotala wakampani, mayi wa maso akuthwa, anamuitanira mkati.

"Wathamanga kuposa onse," anatero akuyang'ana kamimba kake. "Koma wotchiyi ikuonetsa kuti mtima wako ukudumphadumpha ngati wa nkhalamba yodwala. Pamwamba paja sitingakukweze."

Renante anachita mantha.

"Adokotala, mtimawo si wanga."

"Ndinadziwa kale, ndimafuna unene wekha. Mwini mtimawo ubwere naye lero lomwe, asanagwe. Za ntchito iwala."

Tsiku limenelo Renante anathamanga zenizeni, mpaka kumsika. Anapeza anthu atazungulira njinga yopanda mwini, akuti a Tasyo agwa ndipo awanyamula kumene kupita nawo kuchipatala.

Phunziro: Mutu sunoledwa ndi zala zokha, thupi nalo lituluke thukuta, ndipo thukutalo likhale lako. Mlendo akakulozera njira yachidule, yamba wafunsa kuti adzalipire ndani. Tumizirani wachinyamata aliyense amene foni yamumera m'manja.