Kabelu ka Pachitseko ndi Timisomali Tiwiri

Panali bambo wina, mwini sitolo yogulitsa simenti, penti, maloko ndi misomali. Dzina lake sinditchula, koma ndikamakumbukira zomwe anachita mtima umandiwira mpaka lero.

Pakauntala pake pankagwira ntchito mayi wina wamasiye amene onse ankangomutchula kuti Make mapasa. Anakhala pamenepo zaka zisanu ndi zinayi osajomba. Pachitseko cha sitoloyo panali kabelu kolira munthu akamalowa, kuti ogulitsa adziwe kuti kwabwera kasitomala.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kabelu kanalira. Munthu amene analowa anali atavala chipewa cha njinga yamoto, nkhope osaoneka. Anamugwira mayiyo pakhosi, kumumenyetsa pashelefu, kumutema pamkono ndi chikwanje, kenako anatola makina obowolera khoma n'kuthawa. Kuchipatala anamusoka. Adokotala anati apume milungu itatu komanso azionana ndi alangizi a zamaganizo.

Mukudziwa zomwe ananena bwanayo? "Wavulala mkono wamanzere, malisiti amalemba ndi wamanja. Lolemba ndimuone pano, apo ayi asabwerenso."

Mayi wa ana awiri, wopanda womuthandiza, akanatani? Lolemba anabwera, bandeji ili pamkono.

Chilonda chinayamba kupola, koma mutu sunali m'malo. Kabelu kakangolira, ankanjenjemera, mpweya n'kumuthera. Tsiku lina anabisala kunsi kwa kauntala kasitomala atangobwera kudzagula burashi. Kunyumba, mapasa akamenyetsa chitseko, ankawakalipira kenako n'kuyamba kulira yekha.

M'sitolomo munali mkulu wina wodula makiyi, amene ankamutchula kuti a Madala. Iwowa sanapirire, anapita ku ofesi ya bwana.

"Bwana, mayi uja sali bwino. Musinthireni kumbuyo kosungira katundu kwa mwezi umodzi. Ngati zimenezo zavuta, bola tichotse kabelu kaja. Ndi timisomali tiwiri tokha, ndizula ndekha."

"Madala, ndinakulembani ntchito yodula makiyi kapena ya udokotala? Belu ndinagula ine. Ameneyo akuchita matama."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, bwana."

"Tulukani!"

Chondinyansa kwambiri ndi ichi. Kamera ya m'sitolo inali itajambula zonse za tsiku lija, ndipo bwanayo anaika kanemayo mufoni. Anzake akabwera ankawaonetsa pakauntala pomwepo, mayiyo ali chiimire pambali. "Taonani apa, taonani mmene akukuwira!" Anzakewo n'kumaseka. Anthu inu, kuseka magazi a munthu amene amakutsegulira sitolo m'mawa uliwonse! Mtima wanji umenewo?

Make mapasa ataona kuti palibe womuteteza, anatenga hamala pashelefu n'kuiika pansi pa kauntala. A Madala anaiona, anakauzanso bwana kuti, "Munthu wafika posunga hamala. Mupatseni tchuthi zinthu zisanaipe." Bwanayo anangoseka.

"Mantha amathera pa mantha omwewo. Musiyireni ine, mawa ndimuchiritsa."

Mawa lake masana, bwana uja anabwereka chipewa kwa wanjinga yamoto wina panja. Anachivala, anatsitsa galasi lake, n'kukankha chitseko mwamphamvu. Kabelu kanalira. Iye anathamangira pakauntala akukuwa ndi mawu onenepa, "Gona pansi!", dzanja atalilozetsa pakhosi pa mayiyo.

Make mapasa sanaone bwana. Anaona munthu yemwe uja wabweranso kudzamumaliza. Hamala yoyamba inaswa galasi la chipewa, yachiwiri inafika pachibwano. Akanapanda a Madala kumugwira mkono, tikanakamba za maliro.

Atamuvula chipewa n'kuona kuti ndi bwana, mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kufunsa mobwerezabwereza, "Ndalakwa chiyani ine? Ndalakwa chiyani?"

Bwana ali kuchipatala, nsagwada zitamangidwa ndi mawaya, analemba papepala kuti mayiyo amangidwe. Apolisi anabwera n'kupempha kanema wa kamera ija, yomwe bwanayo ankaikonda kwambiri. Anaona kanema wa chikwanje, anaonanso wa chipewa chobwereka. Wapolisi wamkulu anapukusa mutu nati, "Mayi, pitani kwanu. Woyankha mafunso ndi amene ali kuchipatalayo." Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kwa uyu inali hamala ya m'sitolo mwake momwe.

Musaganize kuti nkhaniyi inatha bwino. Make mapasa sanabwererenso kuntchito. Mchemwali wake anamutenga pamodzi ndi ana, ndipo ndiye amamuperekeza kwa alangizi Lachinayi lililonse. Akuchira pang'onopang'ono, koma mpaka pano salowa m'sitolo iliyonse yekha. Amatuma mapasa, iye n'kudikira kutsidya la msewu.

Bwana anabwerera patatha miyezi iwiri, akudyera m'kapaipi. Tsiku loyamba lomwelo atakhala pakauntala, kasitomala analowa, kabelu kanalira. Bwanayo, bambo wamkulu ndithu, anadzidzimuka mpaka kugwetsa mpando, manja ataphimba kumaso. Atapeza mpweya anaitana chapansipansi.

"Madala, tachotsani chinthu chimenecho."

A Madala anakwera pampando, anazula timisomali tiwiri tija, n'kumuikira patebulo.

"Ndi timeneti, bwana. Tomwe ndinakupemphani tija."

Phunziro: Munthu akachitidwa chipongwe pantchito, chilonda cha pakhungu chimapola msanga kuposa cha mumtima. Inu mabwana, mupatseni nthawi yopuma, musinthireni malo, mutumizeni kwa alangizi, ndipo musamaseke mantha a mnzanu chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene zinakuchitikirani, si matama ndipo simunapenge, yankhulani mupeze thandizo. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka kwa amene ali ndi antchito, aiwerenge mpaka kumapeto.