Fungo la Bulugamu

"Paka apa, ndipo usauze munthu," anatero wankhonyayo, akuloza nthiti zakumanzere zomwe anavulala pokonzekera mpikisano.

Mkazi wake anadontheza mafuta a bulugamu m'manja n'kuyamba kumusisita.

"Bambo a mwana, bwanji osausiya kaye mpikisanowu? Mukupuma ngati nkhalamba yokwera chitunda."

"Lamba waukatswiri sadikira munthu. Wonjezera mafutawo."

Tsiku la nkhonya anamupaka ochuluka, mpaka onse awiri maso kuyabwa. Ululu unazizira ndithu, mwamunayo anatuluka akuimba likhweru.

Nkhonyazo sizinapite patali. Nthiti inathyoka n'kubaya mapapo.

Kuchipatala, mkaziyo ali pabenchi kudikira madokotala, panafika amene anamenyana ndi mwamuna wake uja, diso lili lotupa, chipewa chili m'manja.

"Pepani, mayi. Sindinkafuna kuti zifike apa."

"Nanga munkamenyeranji malo amodzimodzi? Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Titagwirana koyamba ndinamva fungo, ndinadziwiratu mbali yovulala. Tonsefe timapaka mafuta omwewo."

Mkaziyo anabisa manja ake pansi pa ntchafu, koma ankanunkhirabe.