Mwamuna wa m'Foni ya a Luckness

"Ankhoswe, mudzimvere nokha," a Blasius anatero akuika foni ya akazi awo pamphasa. "Akangobwera kumsika ku Ulongwe, amadzitsekera kuchipinda n'kumacheza ndi mwamuna ameneyu m'chilankhulo chachilendo."

A Luckness anaitola foniyo n'kudina. Panamveka mawu a mwamuna, iwo n'kubwereza bwinobwino.

"Muy bien!" foni inayankha.

"Mwamumva? Akuti chiyani ameneyo?" a Blasius anakalipa.

"Iyayi, si munthu uyu, ndi phunziro la Chisipanishi," a Luckness anatero. "Mdzukulu wathu wa ku Spain uja akubwera pa Khirisimasi, Chichewa sachidziwa. Ndidzangomuyang'ana ngati chithunzi? Apa akuti ndachita bwino."

"Basi?" ankhoswe anafunsa.

"Basi. Koma amandiuza kakhumi pa tsiku. Awa, zaka makumi atatu m'banja muno, ngakhale kamodzi."

Ankhoswe anatsokomola, n'kukwera njinga yawo.

Madzulo ake a Blasius anadyera therere limene a Luckness anaphika. Atasamba m'manja, anayang'ana kudenga n'kunena chapansipansi, "Mui biyeni."

"Bwerezani," a Luckness anatero. "Simunatchule bwino."