Nthambi Yopingasa Njira

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu, amene anzake ankamutchula Kamvuluvulu chifukwa akakwera njinga ankaiwala kuti mabuleki anawaikira chiyani. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu amene ananyamula nawo machira tsikulo, ndiye musaiyese nthano.

Amene anamuphunzitsa kuyenda m'mapiri pa njinga anali mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake wamkulu. Bamboyo anali wokonza njinga, munthu wofatsa, wa manja osatha girizi. Loweruka lililonse ankatsogolera kagulu ka anthu asanu m'tinjira ta kutali, komwe foni imangosanduka tochi. Malamulo ake anali awiri okha. Ukafika pamphambano, dikira anzako. Ukapeza nthambi yodulidwa ndi chikwanje itagonekedwa mopingasa njira, usailumphe ndipo usaichotse, chifukwa kumeneko alonda a nkhalango alibe zikwangwani, amachenjeza anthu ndi nthambi.

"Alamu," ankatero bamboyo, "nthambi yogwa yokha ndi chinyalala, koma yodulidwa ndi mawu."

Kamvuluvulu ankangoseka, n'kumati iye anaphunzira kuwerenga mabuku, osati mitengo. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka lina, mvula itagwa sabata yathunthu, onse anapita kuphiri limene anali asanafikeko chaka chimenecho. Mwa masiku onse, Kamvuluvulu anawasiya anzake kutali. Atafika pamphambano anapeza njira ya kumanja, yotsetsereka bwino ija, itatsekedwa ndi nthambi. Podulidwa pake pankaoneka poyera, masamba asanafote n'komwe. Anaiona, anaizindikira. Koma njira ya kumanzere inali yokwera, ndipo iye ankafuna liwiro. Anaikokera nthambiyo m'mbali, n'kutsetsereka osadikira munthu.

Atapita pang'ono anafika pokhota, ndipo mwayi wake unali wakuti tcheni chinavuka, choncho anaimitsa njinga kuti achibwezeretse. Atadzutsa mutu anaona kuti kutsogolo kulibe njira. Phiri linali litagumuka n'kutenga njira yonse, patangotsala phompho.

Apa ndi pamene pamandipweteka ine. Akanangotembenuka n'kubwerera kumphambano, akanakumana ndi anzake n'kuwauza. Koma anachita manyazi, poganiza mmene mlamu wake akamuyang'anire. Ananyamula njinga paphewa, n'kukwera m'tchire kukatulukira njira ya kumanzere ija, kuti azikati ndi yomwe anadzera. Nthambi ija sanaiganizirenso. Anakhala pamwala n'kumadikira ngati munthu wosalakwa.

Anadikira ola lathunthu. Kenako anamva mluzu wa anzake woitanira thandizo kumunsi, ukulira mosalekeza.

Anamupeza mlamu wake ali pansi m'phompho, anzake atamuzungulira, njinga itapindika. Ankapuma, ankayankhula, koma miyendo sankaimva. Foni sizinkagwira kumeneko. Anapanga machira a mitengo ndi majekete, n'kumunyamula maola anayi mpaka pamene anasiya galimoto. Kuchipatala madokotala anati msana wathyoka ndipo sadzayendanso.

Anthu anayamba kudzudzula alonda a nkhalango kuti sanatseke njira. Mchemwali wa Kamvuluvulu uja ankalira n'kumafunsa kuti munthu wosamala ngati mwamuna wake angathamange bwanji panjira yotere. Anzawo aja ankangoti bamboyo anawasiya kumbuyo pamphambano mwadzidzidzi, n'kutsetsereka ngati akuthawa moto. Kamvuluvulu anabisa chilungamo miyezi isanu ndi umodzi. Njinga yake anaipachika kukhoma, ndipo tsiku lililonse akaweruka ankapita kukakankha mlamu wake pa njinga ya olumala kuchokera kunyumba mpaka kumalo ake okonzera njinga. Anthu ankamutama kuti mlamu wotere ndi wosowa, ndipo mawuwo ankamubaya.

Madzulo ena anamupeza bamboyo atakhala pabenchi, akuwongola masipoko a njinga yake ya olumala ija. Kamvuluvulu analephera kupirira. Anagwada pakati pa matayala akale n'kuulula zonse, kuyambira nthambi mpaka manyazi aja.

Bamboyo sanasiye kuzunguza tayala.

"Ndikudziwa, alamu. Nthambiyo ndinaiona ili m'mbali, ndipo matayala anu ndinawaona atalowa kumanja. Paja ndinakuikirani ndine, mapazi ake ndimawadziwa."

"Ndiye munapitiranji, mukudziwa kuti njira ndi yotseka?"

"Ndimati ndikupezeni musanafike pamene pavuta. Ndikanakauza chiyani achemwali anu?"

Kamvuluvulu analira ngati mwana. Anafunsa chifukwa chake bamboyo sananene kwa munthu miyezi yonseyo, ndipo bamboyo anayankha kuti mkazi wake anali atataya kale miyendo ya mwamuna, choncho iye sakanamutayitsanso mchimwene. Koma anawonjezera kuti alonda aja akunenedwa popanda mlandu, ndipo woti awayeretse alipo mmodzi yekha.

Tsiku lomwelo Kamvuluvulu anakauza mchemwali wake, ndipo m'mawa mwake anapita kwa alonda a nkhalango. Mchemwaliyo anatha chaka osamuyankhula. Pano amapatsana moni, koma si monga kale. Njinga ya Kamvuluvulu ija ikadali pakhoma, ndipo mlamu wake akadali pa njinga ya olumala.

Phunziro: Chenjezo ukalichotsa, suchotsera wekha. Iwe ukhoza kupulumuka, koma m'mbuyo mwako mukubwera munthu amene amakukonda, ndipo ndi iyeyo adzagwe. Ukalakwitsa, bwerera msanga ukanene, manyazi sathyola msana. Tumizirani uthengawu kwa onse oyenda pa njinga, makamaka uja amene sadikira anzake pamphambano.