Anafuna Kuti Malemu Avine Mosadukiza

Panali munthu wina, bambo achikulire ndithu, kalipentala, amene akazi awo anamwalira atangodwala pang'ono. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine nditaiwerenga chakudya sichinalowe.

Bambowa anatsala ndi fulashi imodzi yokhala ndi vidiyo ya ukwati wa mwana wawo wamkazi. M'vidiyomo munali malemuwo akuvina, kamera ikuwatsatira kuchokera pakhomo la holo mpaka kutsogolo. Ina yoteroyo kunalibe. Wojambula uja anasamuka kalekale, ndipo ana ankangoti "tidzakopera, tidzakopera," osakopera.

Pofuna kuwapepesa, mwana wamkaziyo ndi mwamuna wake anawagulira TV yamakono, yaikulu ngati chitseko. Bambo anailumikiza, n'kulowetsa fulashi ija. Anthu a m'vidiyomo akangoima, chithunzi chinali chowala bwino, mpaka ulusi wa diresi kuoneka. Koma kamera ikangoyamba kuyenda, chithunzi chinkadukizadukiza, malemuwo n'kumaoneka ngati akupunthwa.

Anaimbira foni mkamwini wawo.

"Akamwini, vidiyo ya amayi anu yawonongeka."

"Ayi bambo, sinawonongeke," anatero mkamwiniyo. "Ma TV amakonowa amasintha zithunzi mwamsanga kwambiri, ndiye kamera ikamayenda zimaoneka ngati zikudukiza. TV yanu yakale ija inkabisa zimenezi. Pali pokonzera pa rimoti. Chonde fulashiyo musapatse munthu, ndibwera kumapeto kwa sabata."

Bambo anavomera, koma pakamwa pokha. Mukuwadziwa akalipentala: akaona chinthu chokhakhala, manja amawayabwa kufuna kupala. Komanso munthu woferedwa kudikira kumamuvuta. Mawa lake anaika fulashi m'thumba la malaya, ulendo ku kashopu kena ka pafupi ndi pokwerera basi, komwe munthu wina ankakopera anthu nyimbo ndi mafilimu. Sankamudziwa n'komwe.

"Aa, madala, izi ndi zazing'ono," anatero wa pashopuyo. "Ndili ndi pulogalamu yowonjezera zithunzi pakati pa zithunzi zanuzi. Amayiwa aziyenda myaa, ngati m'mafilimu akunja."

Anabayabaya kompyuta yake, kenako anatembenuka.

"Malo achepa mufulashimu. Yodukizayi ndifufute?"

"Fufutani," anatero bambo. "Yowonongeka ndi ya ntchito yanji?"

Atafika kunyumba anakhala pampando, nsapato osavula. Zoonadi, kudukiza kuja kunatha. Koma malemuwo atakweza manja, zala zinasungunuka n'kulowana ndi diresi. Atatembenuka kuyang'ana kamera akuseka, nkhope inapakika, pakamwa kupita kwina, maso kwina. Zithunzi zowonjezera zija kompyuta inangozipeka, ndipo paliponse pamene mayiwo anasuntha mwachangu, inapeka zolakwika. Bambo anabwezeretsa kumbuyo, kuonanso, kubwezeretsanso. Sanauze munthu.

Kumapeto kwa sabata mkamwini anabwera ndi mkazi wake. Anatenga rimoti, kulowa pokonzera kayendedwe ka chithunzi, kukweza pang'ono chabe. Anayesera vidiyo ina ya m'foni mwake, ndipo inayenda bwinobwino.

"Mwaonatu? Basi. Bweretsani fulashi ija, bambo."

Bambo anangoti zyoli.

"Bambo, fulashi ili kuti?" anafunsa mwana wawo.

Anaitulutsa n'kuilowetsa pa TV. Mwanayo ataona nkhope ya amayi ake ikupakika pa TV yaikuluyo, anagwira pakamwa n'kuthawira kubafa. Kulira kwake kunkamveka mpaka pabalaza.

Mkamwini anathamangira ku kashopu kaja. Wa pashopuyo sanachite ngakhale manyazi.

"Ine ndinawafunsa, akulu. Anavomera okha."

Anayesa kwa ena odziwa makompyuta, koma onse anapukusa mutu. Vidiyo yatsopanoyo inakhala pamalo penipeni pamene panali yakale ija.

Mwana uja mtima utakhala pansi, anakhala pafupi ndi bambo ake n'kuwagwira dzanja.

"Musadziimbe mlandu. Amayi timawakumbukira tonse, ngakhale popanda vidiyo."

Bambo anapukuta misozi ndi chikhatho.

"Mwana wanga, n'chimene chikundiwawa. Yowonongekayi ndaionera kambirimbiri, kufuna kuwapezamo amayi ako. Tsopano ndikatsinzina kuti ndiwakumbukire, nkhope imene ikubwera ndi yopakika ija."

Phunziro: Chithunzi chikamadukiza pa TV yamakono, musathamangire kunena kuti vidiyo yawonongeka, yambani mwaona pokonzera pa TV pomwepo. Wachibale wanu akati dikirani, dikirani. Chinthu chimene mulibe china chonga icho musapatse mlendo musanachikopere pena, ndipo mawu oti "fufutani" musawatulutse msanga. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka amene akusunga mavidiyo a okondedwa awo amene anatisiya.