Kabokosi ka Luang Pho Samran

"Tsegulani kabokosiko," anatero Mayi Thongbai, "tione zimene munthu woyera amadya dzuwa likapendeka."

Chakudya cha m'mawa chinali chitangotha kumene m'holo ya kachisi, mbale zikadali mbwee pamphasa. Amonke asanu, amuna odzipereka ku mapemphero amene amadya zopatsidwa ndi mudzi, anakhala pansanja yawo. Wakumapeto, Luang Pho Samran, anangoti zyoli. Patsogolo pake panali kabokosi kachitsulo kokhoma, kamene amuna awiri a komiti anakatenga kukanyumba kake.

Kunena zoona, munthuyo sankaoneka ngati wosala kanthu. Mmonke sadya dzuwa likadutsa paliwombo, lamulo limenelo ngakhale mwana amalidziwa. Anzake anayiwo nthiti zinkawerengeka. Koma uyu! Nkhope ngati dzungu, pakhosi atamera linunda, mimba kutsogolo, timiyendo ngati bango. Miyezi itatu yapitayo kuchipatala anamupeza ndi matenda a shuga. Shuga wobwera ndi kusala kudya! Mudzi wonse unkasekera m'manja.

Mayi Thongbai sankaseka nawo. Iwo zinkawanyansa. Zaka ziwiri zathunthu ankadzuka mbandakucha kumuphikira mpunga womata, n'kumugwadira pamsewu osavala nsapato pomuikira mpungawo m'mbale yake yopemphera chakudya. Atamva kuti maondo akumuvuta, sanaumire. Tsiku lopatulika lililonse ankamupatsa kapaketi ka timibulu takuda ta zitsamba, komanga ndi kamphira kofiira. Ankatigula kwa bambo wa galimoto ya chimkuzamawu, yemwe uja anathandiza malemu amuna awo, a Bunmi, ndi timibulu tomweti msana utawavuta. Mmonke sakana chopereka, poti kukana n'kumana woperekayo madalitso. Iye ankangoyala kansalu kake, mayiwo n'kuikapo, poti mmonke salandira kanthu m'manja mwa mkazi.

Nanga madalitso ake ati ochokera kwa munthu wakuba mumphika? Dyera iwo ankalidziwa bwino, anagona nalo nyumba imodzi. A Bunmi nawo ankalumbira kuti sanakhudze chotsekemera, nkhope ikufufuma tsiku ndi tsiku, mpaka shuga anawadya phazi, kenako n'kuwatenga. Bodza la wadyera ndi limodzi, kaya wavala malaya kaya mkanjo wachikasu.

Ndipo umboni anali nawo. Pa tsiku lopatulika lathali, masana, akusesa masamba kuseri kwa kanyumba kaja, anamuona pawindo. Anaponya kanthu m'kabokosimo, n'kukhoma msangamsanga, maso uku ndi uku ngati galu woba mazira. Kiyi anamulowetsa m'lamba wa mkanjo. Mmonke alibe chuma. Ndiye akhomeranji, ngati si nthochi zokazinga ndi mikate ya kokonati?

Aliyense m'holomo ankadziwa mathero ake. Mukapezeka chakudya, palibe adzaikenso mpunga m'mbale yake, ndipo mmonke wopanda womudyetsa alibe kachisi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, kwawo kulibenso aliyense. Mayi Thongbai analibe nazo ntchito. Akadye kumsika, kumene kulibe lamulo.

"Mayi, zisiyeni izi," anatero Luang Pho Samran osadzutsa mutu. "Mulibe chokuthandizani mmenemu."

"Chondithandiza ine? Tawamvani!" Mayi Thongbai anatembenukira kwa amayi anzawo. "Ife tikudzimana kuti mudye, inu mukuphulika. Masaya amenewo ndi a mapemphero, Luang Pho? Kapena alipo wina amakuphikirani madzulo, timuthokoze?"

Amayi ena anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Mwamuna wina wa komiti anatsokomola dala.

"Ndikupemphani," anatero mmonkeyo. "Ndichoke ndekha mawa, koma kabokosika kasatsegulidwe."

Apo ndiye anadzigwetsa yekha. Munthu wosalakwa sasankha msewu kusiyana ndi kiyi. Ngakhale amene ankamumvera chisoni anayang'ana kumbali.

"Tsiku lakufa nyani mitengo iterera," anatero Mayi Thongbai, n'kukhala bwino pamphasa, manja pamiyendo.

Mkulu wa kachisi, nkhalamba yosakonda phokoso, anatambasula dzanja. Luang Pho Samran anachedwa, kenako anapisa m'lamba n'kupereka kiyi. Mayi Thongbai anaona zimenezo ndipo mtima wawo unakondwa, osabisa ayi. Anasendera kutsogolo kuti fungo la mafuta okazingira liyambe kuwafika iwo.

Chivindikiro chinalira. Fungo silinatuluke.

Mkuluyo anapendeketsa kabokosiko, ndipo pamphasa panagwa timapaketi khumi ndi tiwiri ta timibulu takuda, tosatsegula, kalikonse ndi kamphira kofiira. Pomaliza panagwa pepala la kuchipatala, ndipo mkuluyo analiwerenga mokweza: "Timibuluti anatisakaniza ndi mankhwala amphamvu a siteroidi. Ndi amene atupitsa nkhope ndi kubweretsa shuga."

"Sindinafune kuti mudziwe, mayi," anatero Luang Pho Samran chapansipansi. "Chifukwa cha a Bunmi."