Rauta ya nyanga zinayi ya a Cyprian

Panali munthu wina cha ku Guilleme, kuno ku Mchinji, dzina lawo a Cyprian. Nkhaniyi wandiuza ndi mbale wa akazi awo. Bambowa ndi mlimi wa mtedza, munthu wa mtima wabwino zedi, koma akanena kuti chinthu akuchidziwa, ngakhale ansembe a pa parishi sangawatembenuze.

Mwana wawo wamkazi, Dyna, anatsiriza maphunziro a unamwino n'kukhala pakhomo zaka ziwiri osapeza ntchito. Kenaka chipatala china cha ku Lilongwe chinamuitana ku intavyu, koma ya pa intaneti, yoonana nkhope, Lachinayi 10 koloko m'mawa. Laputopu anabwereka. Vuto linali netiweki, chifukwa m'nyumba mwawo foni imagwira pokhapokha ukakwera pampando pafupi ndi windo.

Madamu Eliza, aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni, anawalangiza a Cyprian.

"Bambo a Dyna, gulani rauta, kamakina kokokera intaneti m'nyumba, koma ikhale yolola simukhadi iliyonse. Muikemo yanu musanalipire, ndipo mukafika nayo kunyumba muiyatse tsiku lomwelo."

"Madamu, ine mawailesi ndinayamba kugula inu musanabadwe," anayankha choncho a Cyprian akuseka.

Loweruka anapita ku boda ya Mwami kukagulitsa mtedza. Kumeneko anakumana ndi mkulu wina wa jekete lachikopa, atanyamula katoni.

"Ba mudala, iyi ni yamphamvu maningi. Onani nyanga, folo! Zija za ku boma kwanu ni tunkhuku chabe."

Anaiyatsa pomwepo, kanema n'kumayenda pafoni osadukiza. A Cyprian mtima unagwa. Sanadziwe kuti simukhadi inali m'katimo inali ya ku Zambia, ndipo pabodapo netiweki ya kumeneko imagwira ngwee. Poibwezera m'katoni, mkulu uja anasolola simukhadi yake n'kunena kuti akangoikamo yawo basi.

A Cyprian analipira, ndipo atafika kunyumba anaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa kabati.

"Ababa, tiyeni tiiyese," anatero Dyna.

"Iyayi! Suti ya ukwati sapita nayo kudimba. Tikaiyatsa lero, mphamvu yake itha Lachinayi lisanafike."

"Koma abambo, mawu a Madamu aja…" anayesa amake Dyna.

"Amayi, ndaiona ikugwira ntchito ndi maso angawa."

Lachinayi Dyna analawirira kusamba, n'kuvala bulauzi yoyera yositasita. Hafu naini itakwana a Cyprian anamasula chitenje chija pang'onopang'ono, monyadira. Anaikamo simukhadi yawo, kagetsi kofiira. Anaikamo ya akazi awo, kofiirabe. Anapotoza nyanga uku ndi uku, anaikweza pawindo, anatuluka nayo mpaka pa nkhokwe atainyamula m'mwamba, koma ayi ndithu. Dyna atawerenga zomwe zinatuluka pa laputopu, anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, ndi yokiya iyi. Imalola simukhadi ya kampani imodzi yokha, ya ku Zambia."

Apa n'kuti kutatsala mphindi zisanu. A Cyprian sanatsutsenso. Anatulutsa njinga n'kunena mawu amodzi: "Kwera!"

Bambo wa zaka sikisite anapalasa makilomita sikisi, mwana kumbuyo atakumbatira laputopu, ulendo wa kwa Madamu Eliza omwe kunyumba kwawo kunali rauta. Panjira tcheni chinagwa kawiri. Madamuwo anachita kukawatulutsa m'kalasi. Pomwe amalumikiza, nthawi inali 10:40, ndipo anapeza uthenga woti nthawi ya Dyna yadutsa, aitana wina.

A Cyprian anangokhala pansi pakhonde, malaya atanyowa ndi thukuta. Anthuni, bambo amene sanalirepo pagulu analira ngati mwana.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Ine ndimafuna ndikugulire yoposa zonse."

Dyna naye misozi inali mbwembwembwe, koma anagwada n'kuwagwira dzanja.

"Ababa, mwandipalasa ngati wakabaza weniweni. Pukutani misoziyo, ana asukulu akuonani."

Anaseka onse awiri, uku akulirabe.

Panatha miyezi isanu ndi itatu kuti Dyna aitanidwenso kwina. Ulendo uno a Cyprian anapita okha kwa Madamu Eliza, chipewa kumanja, kukawapempha kuti awaperekeze ku boma. Anagula kakang'ono kopanda nyanga ndi imodzi yomwe, atakayesa ndi simukhadi ziwiri m'shopu momwemo. Kwa masabata awiri, m'mawa uliwonse asananyamule khasu, amakayatsa n'kukuwa, "Dyna, tabwera uone, kabiriwira?"

Lero Dyna ndi namwino. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amawaimbira makolo ake pa kanema, ndipo kumbuyo kwawoko, pa kabati, rauta ya nyanga zinayi ija imaoneka. Nyanga ina amakolekapo chipewa, ina makiyi, ina korona ya amake Dyna. A Cyprian akazi awo amawaseka kuti palibe munthu ku Mchinji yense anagulapo chokolekera chipewa chodula chotere.

Za miyezi isanu ndi itatu ija Dyna sanazitchuleponso. Amene amaiwerengabe ndi bambo ake.

Phunziro: Rauta siiyesedwa ndi nyanga. Funsani ngati ili yokiya, iyeseni ndi simukhadi yanuyanu musanalipire, ndipo muiyatse m'nyumba mwanu tsiku lofunikalo lisanafike. Chikondi chikhalepo, koma makutu nawo agwire ntchito, pakuti safunsa anadya phula. Tumizirani ena uthengawu, makamaka abambo athu aja amene anayamba kugula mawailesi ife tisanabadwe.